Mlandu wa Msana wa Amalume Yosiya

Amalume anga, a Yosiya Kalonjere, anali khukhi. Anaphikira azungu ku Greendale zaka makumi awiri ndi zitatu, tsiku lililonse akupalasa njinga kuchokera ku lokeshoni yathu ya Tafara, thalauzi atalimanga ndi mphira pa akakolo. Anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito kudziko la Ashona ndevu zisanamere, koma Chishona chawo chinakhalabe chomangirira ndi luzi. Kutchalitchi kwathu ndiwo ankaliza belu, chidutswa cha njanji chopachika pamtengo, ndipo sanaphonyepo mgonero ngakhale umodzi. Ichi ndicho ankanyadira, kuposa makeke awo.

Ine ndinabwerako ku Mangalande mu 1977 nditamaliza za unamwino, n'kumagona pabalaza pawo podikira ntchito. Chilichonse chinkandinyansa: fumbi, mzere wa basi, asilikali ofunsa chitupa ngati kuti chasintha kuyambira dzulo. Ndinapeza azakhali Magret, akazi a amalume, maso ali psuu. Amalume anali atasumiridwa kwa akulu a mpingo kuti analowa gule, ndipo akapezeka olakwa awaimitsa mgonero.

Nkhaniyi inayamba ndi msana. Kuwerama pachitofu kunawapinda amalume mpaka ankakwera njinga mochita kukambirana nayo. Dona wawo, pothawa nkhondo kupita ku Joni, anawasiyira buku la zithunzi za anthu odzipindapinda. Chingelezi cha m'bukumo sanalimbane nacho, anangotsata zithunzi. Tsiku loyamba anasankha chithunzi cha munthu woima ndi mutu, poganiza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza. Anatha sabata akutembenuka thupi lonse munthu akawaitana. Tsambalo analing'amba n'kukolezera moto, ndipo anadziikira malamulo awoawo: m'mimba mukhale mopanda kanthu, uyambe ndi zofewa, mpweya usaumange, pakabaya leka. Patatha miyezi itatu msana unawongoka.

M'nyumba ya zipinda ziwiri munalibe potambasulira mwendo osagunda m'bale wako. Choncho anapeza malo kuseri kwa mzere womaliza wa nyumba, pakati pa miyala ikuluikulu, pomwe panatsala mitengo ya musasa khumi ndi iwiri. Inzake yonse inali itapita ndi nkhwangwa, chifukwa palafini anali atadula. Amalume anatola mabotolo osweka ndi zitini, osatentha udzu, osathyola nthambi. Ankayala chiguduli cha ufa, ndipo akapeza mzere wa nyerere ankasuntha chigudulicho, osati nyererezo.

M'mawa wina wa Julaye, kukuzizira, mayi Olinda, mzimayi wa ku Tete amene ankagulitsa nkhuni pamsika, anafika pamalopo ndi nkhwangwa. Anapeza chinthu chitaima ndi mwendo umodzi, manja atalunjika kumwamba, nkhope yonse itaphimbidwa ndi chipewa cha ubweya cha mabowo a maso okha. Chinali chipewa chakale cha bwana wa amalume. Chinthucho chinkapuma mwakuya, fuuu. Mayi Olinda gule amamudziwa kuchokera kwawo. Anataya nkhwangwa, nsapato imodzi n'kutsalanso pomwepo. Pofika masana, aneba athu a Chishona anali akuuzana kuti ku miyala kuli zigure, dzina lawo la gule. Kuyambira tsikulo palibe anakhudzanso ngakhale kamtengo kouma.

Koma wina anazindikira njinga ya amalume, nakauza akulu a mpingo.

"Ingowaonetsani bukulo, bambo," anatero azakhali. "Mukufuna ndizikhala kumbuyo kwa tchalitchi ngati mkazi wa chilombo?"

"Ndikaonetsa, Tafara yense adziwa kuti kulibe zigure," anayankha amalume. "Mawa lake Olinda abwera ndi nkhwangwa yatsopano."

"Ndiye mitengoyo ndi imene ikupatseni mgonero?"

Amalume anayamba kupukuta sipoko za njinga zomwe zinali zoyera kale.

Mlandu unakambidwa Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Wapampando anali a Fackson Gonthi, kapitawo wa pa depoti ina ku Workington, munthu wa mimba yotsogola, amene anabwera atangomaliza mbale ya matumbo a ng'ombe. Ine anandiitana ngati mboni, poti ndinaona dziko.

"Mwana wathu, tiuzeni. Kunja kuja zimenezi ziliko?"

Ndinaima monyada. "Ziliko, bambo. Dzina lake ndi yoga. Zinachokera ku India, ndipo kumeneko ena amachita posinkhasinkha za chipembedzo chawo."

Amalume anandiyang'ana ngati ndawathira madzi otentha.

"Ohoo," anatero a Gonthi, akutembenukira anzawo. "Ndiye si gule wakwathu ayi. Ndi gule wa Amwenye. A Kalonjere, mwadumpha wa makolo anu n'kukatenga wa eni masitolo?"

"Achimwene, ine sindipembedza kanthu kumeneko. Ndimangowongola msana."

"Msana umafuna chigoba kumaso?"

"Kumazizira, achimwene."

"Nanga bwanji kutchire, m'bandakucha, panokha? Chinthu chabwino chimachitikira poyera."

Pamenepo amalume anaona kuti mgonero ukupita. Anapuma kamodzi mwa kupuma kwawo kuja, anavula jekete, nayala chiguduli pasimenti. Anagwada ngati mwana wokwawa, anakweza msana pang'onopang'ono, anautsitsa. Kenako anaimirira n'kuwerama mpaka zikhatho zinagwira pansi, munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu.

"Basi? Zomwezi?" anaseka a Gonthi. "Izi ndiye timachita tikamatola ndudu."

"Musayese mutangodya, achimwene. Komanso mumayamba ndi..."

A Gonthi anali atawerama kale, mwamphamvu, ngati akunyamula thumba la feteleza. Tinamva kuti khwa! Anatsalira pomwepo, mutu pansi, matako akuyang'ana mlembi wa bwalo.

"Mayo ine! Yosiya! Wandilodza!"

"Musawakoke!" ndinakuwa, poona akulu awiri atawagwira m'khwapa. Apa pokha sukulu yanga inagwira ntchito. Ndinawafunsa ngati miyendo yachita dzanzi, iwo anati ayi, koma ndiwauze akazi awo kuti ankawakonda. Amalume anawagwadika pang'onopang'ono, anawagoneka chagada pachiguduli, mawondo atapinda, miyendo itasanjikidwa pabenchi.

"Pumani, achimwene. Kokani ndi mphuno. Musaumange. Tulutsani ngati mukuuzira phala la mwana."

Bwalo lonse la mpingo linaima mozungulira, likupuma nawo limodzi osadziwa. Patapita theka la ola, a Gonthi anadzuka okha, chammbali monga anawauzira, nkhope ili thukuta lokhalokha. Anakhala pampando mosamala ngati pali mazira.

"Mlembi, lembani," anatero ndi mawu aang'ono. "Mbale wathu alibe mlandu. Mawa adye mgonero."

Amalume anakweza dzanja. "Polengeza mawa, kodi n'kofunika kufotokoza zonse? Ndikuganizira mitengo ija."

"Mpingo sunama, a Kalonjere."

"Sindikuti uname ayi. Koma mukafotokoza zonse, ndiye kuti ndi zanu zomwe."

A Gonthi anayang'ana mlembi, mlembi anayang'ana kudenga. Lamulungu chilengezo chinali cha mawu asanu okha, chachifupi kuposa chilichonse m'mbiri ya tchalitchi chathu. Amalume analandira mkate ndi manja awiri, azakhali Magret atakhala benchi ya kutsogolo, duku latsopano kumutu.

Lolemba m'bandakucha ndinamva kugogoda. Anali a Gonthi atagwira m'chiuno, chiguduli chili kukhwapa, pambuyo pawo mlembi ndi akulu ena awiri omwe misana yawo inali ndi madandaulo akalekale. Amalume anawafunsa mmodzimmodzi ngati adya kanthu, anabweza mlembi kukataya ndudu m'chitini, nawatsogolera ku miyala.

Masana ake ndinapita kumsika kukagula nkhuni. Mayi Olinda anali atayamba kukazitenga kutali, ku mapulazi, komwe eni ake ankagwetsa bulugamu. Anandikokera pafupi, akuyang'ana uku ndi uku.

"Mwana wanga, uwauze amalume ako asamale ndi njira ya ku miyala ija," ananong'ona. "Zaswana. Lero mwana wa mnzanga Serafina waziwerenga ali patali. Zilipo zisanu, ndipo chimodzi n'chachimimba, chikungobuula."