Chotupa Chimene Ankati Chimayenda

Lemba, mdzukulu wanga, ndipo usandidule. Mng'ono wanga ankagulitsa kaunjika pamsika wa Zingwangwa, matipate atangobwera kumene. Tsiku lina anafika kwathu ku Naperi, natseka chitseko, n'kundigwiritsa bere lake lakumanzere. Munali kachotupa kolimba gwa, koma kosapweteka.

Kuchipatala chachikulu anamuyeza, natiuza tsiku lobwereranso. Dokotala wake anali wa kumpoto, wa magalasi, waulemu kwambiri moti ine sindinamukhulupirire. Munthu akachulutsa ulemu pali chimene akufuna.

"Amayi, ndi khansa," anatero. "Tichotse bereli msanga isanayende."

Ine ndiye: "Iyende? Ili ndi miyendo, adokotala?"

Sanaseke. Anati thupi linamangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, maselo. M'kati mwa selo muli timaulusi, ndipo pali kanthu kena, ati puloteni, kamene kamalamula timaulusito kutambasuka ndi kukhwinyata. Khansa ikalusa kanthuko sikapuma, ndiye selo imatulutsa kaphazi n'kudzikoka, kudzikokanso, ngati nkhono pakhoma la bafa, mpaka kukhwapa, mpaka m'mafupa.

Tamva iwe. Chinthu chokwawa m'thupi, chokhala ndi wochilamula! Kwathu ku Nsanje timachidziwa chimenecho, ndipo wochilamula amakhala munthu wovala nsalu ngati ife.

M'minibasi mng'ono wanga anandinong'oneza: "Achemwali, mwamva? Anena okha kuti n'chotumidwa." Ankaganizira mayi wa benchi loyandikana naye, amene makasitomala ake onse anali atathawira kwa mng'ono wangayo. Ati mayiyo anamugundapo pachifuwa pomusenzetsa belo. Ine ndinkaganizira aliyense, ndi dokotala yemwe. Bere la munthu ankalifuniranji changu chotere?

Apongozi ake, osatifunsa n'komwe, anabwera ndi mayi wina wa ku Bangwe wodziwa zitsamba. Mayiyo anamvetsera zonse nati, "Dokotala sananame. Choyenda timachimangira mpanda." Anatema mphini kuzungulira bere lonse, bwinobwino ngati mkanda, napaka mankhwala akuda. Lamulo linali limodzi: mpeni wa kuchipatala usadutse pamenepo, ukadutsa wathyola mpanda, chinthucho chituluka ndi ukali.

Ndinati kwa mng'ono wanga, "Iwe, nanga opaleshoni ija?"

"Achemwali, inu ndi amene munkati dokotala akufulumira dala. Lero mwakhala nesi?"

Anabwerera kumsika, akukuwa mitengo ya madiresi ngati kale. Mvula inagwa, inatha. M'mawa uliwonse ankagwira m'kati mwa mpandamo n'kunena kuti chilipo, sichinasunthe. Zoonadi, chinalipo. Kunja kwa mpanda palibe ankagwirako.

Ndinaziona ine, akukweza mkono kuti apachike jekete pa hang'ala. Nkhope inakwinyika. Ndinamukokera kuseri kwa benchi, n'kulowetsa dzanja kukhwapa. Timibulu, ngati mtedza m'thumba.

Titabwerera kuchipatala, dokotala uja anagwira kukhwapa, anagwira msana, navula magalasi. Anati kudula tsopano sikungathandize. Ndinamufunsa ngati kukanathandiza nthawi ijayi. Anati, "Mwina, amayi." Mwina! Mayi wa ku Bangwe naye anati mwina tinachedwa kumuitana. Aliyense ndi mwina wake.

Anamwalira nyengo yozizira. Posambitsa maliro ndinaimirira pafupi, ndinafuna kuona ndi maso anga. Mabere onse awiri analipo, ndipo mphini zija zinali zitazungulira bwinobwino, popanda pothyoka paliponse.