Mbuzi Ziwiri M'chipinda cha Bambo Amadeu

Ndinaganiza zochoka tsiku limene achemwali anga a Patuma anamenyanitsa zivundikiro ziwiri za mapoto kumbuyo kwa mwana wanga, mwanayo osatembenuka. Asiyatu anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Anadwala malungo aakulu asanayambe kuyenda, anachira, koma kuyambira pamenepo ukamuitana ankangopitiriza kusewera ndi dothi lake. Anthu pa Itepela anayamba kumutchula gonthi, ena momvera chisoni, ena mongoyankhula. Bambo ake anali atapita ku minda ya fodya ku Malawi ndipo foni yawo inali itasiya kupezeka. Namwino anati makina oyezera makutu ali ku chipatala chachikulu, koma ulendo wake ndi zonse zake zimafuna ndalama. Ndiye mayi wina wa ku Mandimba atanena kuti banja lina ku Nampula likufuna wantchito wa m'nyumba, sindinafunse zambiri. Ndinasiya mwana kwa achemwali, m'nyumba yathu yoyandikana ndi chigayo, ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu, mpaka ku Cuamba, kenako sitima, thumba ndalikumbatira, maso ali pa aliyense wodutsa.

Mabwana anga anali okalamba awiri, Dona Lurdes ndi amuna awo Bambo Amadeu. Chipwitikizi changa ndi cha ku pulayimale, koma tinkamvana. Tsiku loyamba Dona anandionetsa khitchini, bafa, pogona panga, kenako anaima pa chitseko china nkunena kuti, "Muno mumakhala mkazi mnzanga. Ndi amene amadya ndalama zonse za nyumba ino, ndipo sanandiphikirepo ngakhale tiyi."

Ndinayembekezera kuona munthu. Munali masipika awiri amatabwa, aatali kufika pachifuwa panga, ndi makina ena okhala ndi mababu agalasi amene ankafiira ngati makala nkumatentha. Munali chozungulitsira zimbale, chokhala ndi kasingano kochepa kuposa njere ya mpunga, ndipo Dona anati kasingano kokhako kangagule njinga yamoto. Zimbale zakuda zinadzaza khoma lonse. Zingwe zake zinali zonenepa ngati chala chachikulu. Pakati pa chipinda panali mpando umodzi wokha. Ndinatuluka chammbuyo manja ndaika kumsana, kuopa kuti mwina angakhudze chinthu okha.

Bambo Amadeu akafuna kumvera nyimbo, nyumba yonse inkadziwa. Ankazimitsa fani ngakhale kutenthe bwanji, ankazimitsa firiji, wotchi ya pakhoma ankaitulutsa panja. Dona ankakuwa ali kukhitchini kuti, "Nyama ikaola mudya woimba wanuyo!" Iwo ankangopukuta chimbale ndi kaburashi kofewa, nkutsitsa singano atagwira mpweya.

Mlungu wachitatu anandilola kulowamo kukakolopa. Ndinaona timapepala tomata, todetsedwa, pansi pa miyendo ya masipika. Ndinati anthu awa aone kuti kwathu timadziwa ukhondo. Ndinakankha masipika aja, ndinapala timapepala tonse ndi mpeni, ndinakolopa mpaka pansi panawala, ndinabwezera zonse pamene ndinkaona kuti ndi pomwepo.

Madzulo ake nyimbo inangoyamba pang'ono nkuima. "Halima!" Anali Bambo Amadeu akundiitana. Ndinaona kale sitima yobwerera, ndinaona Asiyatu akukula osayezedwa makutu chifukwa cha mpeni wanga. Ndinalowa ndikupepesa ndisanadziwe mlandu.

"Woimba wanga wamuika kuti?" anafunsa.

"Sindinatenge kanthu, bambo, fufuzani m'thumba langa."

Anandiyang'ana, anayang'ana pansi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Timapepala tija tinali zizindikiro za malo enieni a masipika, ndipo anavutika nato miyezi kuti apeze malowo. "Wawononga ndiwe, ukonza ndiwe," anatero. "Khala apo. Tsinzina."

Ndinakhala pa mpando umene ngakhale Dona sakhalapo, kumapeto kwenikweni. Singano inatsika. Ine nyimbo ndinkazidziwa za pa msika, zija zogunda pachifuwa mpaka sumva mnzako. Izi zinali zina. Mayi wina anakoka mpweya asanayambe kuimba, ndipo ndinatsegula maso kuti ndione walowa ndani. Munalibe munthu. Ndinamva zala zikutsetsereka pa nsambo za gitala, ndinamva phazi la wina likugunda thabwa.

"Loza pamene waima," anatero Bambo Amadeu.

Ndinaloza kumanzere, pafupi ndi zenera. Iwo anagwada, mkulu wa imvi, nkumasuntha sipika pang'onopang'ono, ine ndikuloza, mayi uja akuyenda mumdima wa maso anga mpaka anaima pakati penipeni. "Apo!" ndinakuwa, ndaiwala ulemu. Anamata timapepala tatsopano. Kenako anazimitsa sipika imodzi kuti ndione, ndipo gulu lonse la oimba linathamangira mbali imodzi. "Lurdes!" anaitana. "Mtsikanayu ali ndi makutu kuposa anzanga onse aja amadzandiyendera!" Dona anayankha kuti, "Ndiye mumuwonjezere malipiro, osati nyimbo."

Lero ndikamakumbukira ndimaseka, koma masiku amenewo ndinkasungulumwa kwambiri. Pa msika ankayankhula Chimakuwa chothamanga, ine ndinkangoloza ndi chala. Malipiro akabwera ndinkatumiza gawo kwa achemwali pa foni, gawo lina ndinkasokerera m'mphepete mwa chitenje chakale. Achemwali ankanditumizira mauthenga a mawu, okuwa monga mwa masiku onse, chigayo chikulira kumbuyo: mwana ali bwino, wadya, sopo watha. Ndinkaika foni kukhutu mpaka kutentha, kufunafuna mawu a mwana wanga. Sindinkapeza kanthu.

Uthenga wina unabwera Lachisanu masana, nthawi imene mwini chigayo amatseka kupita ku mzikiti. Ndinaumva kanayi ndikutsuka mbale. Pansi pa mawu a achemwali panali kenakake, koma kasipika ka foni yanga kanali kong'ambika. Ndinayenda kupita pa chitseko chija nkubwerera katatu. Kachinayi ndinagogoda.

"Mawu a pa foni m'makina anga?" anatero Bambo Amadeu. "Uku ndi kuthira madzi a m'chithaphwi m'tambula ya alendo." Nditawauza za Asiyatu anasiya nthabwala. Anapita okha kukazimitsa firiji. Anafunafuna chingwe m'kabati, analumikiza foni yanga yosweka ku makina aja, anadikira kuti mababu atenthe, nkundilozera mpando.

Achemwali anadzaza chipinda chonse, akudandaula za mtengo wa mafuta ophikira. Ndinatsinzina, ndinawasiya ayankhule, ndinamvera kuseri kwawo. Nkhuku. Njinga ikudutsa. Kutali, kuseri kwa nyumba, mbuzi inalira. Kenako pafupi, pansi, cha m'miyendo mwa achemwali, kambuzi kena kanayankha: mee.

"Bwezani," ndinatero.

Anabweza. Mbuzi inalira, kanayankha. Inaliranso, kanayankhanso, kenako kanaseka.

"Mbuzi zilipo ziwiri," anatero Bambo Amadeu pang'onopang'ono, "koma yachiwiriyo ili ndi miyendo iwiri."

Ndinagwa pansi kuchoka pa mpando ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Dona analowa ndi chipande m'manja, anamvera nawo ataima, napukuta maso ndi mkono. "Zaka zonsezi," anatero, "lero ndiye mkazi mnzanga wagwira ntchito."

Ndinkafuna kunyamuka tsiku lomwelo. Mabwana anga anandipempha kuti ndithe mwezi, apeze wina, ndipo anandilipirira sitima. Njira yonse mantha anabwerera. Bwanji ngati anali mwana wa aneba? Nditafunsa achemwali pa foni anati, "Iwe, mbuzi zimalira tsiku lililonse, ndiziwerenga ine?"

Ndinatsika shapa pa Itepela cha m'mawa, ndipo chinthu choyamba kundilonjera chinali chigayo. Ndinakulira pambali pake, sindinkachimva nkomwe, monga mmene munthu samva fungo la m'nyumba mwake. Tsiku limenelo chinandimenya m'mutu. Malata ankanjenjemera. Pa golosale ya kutsidya kwa msewu sipika inkang'ambika ndi nyimbo. Achemwali anandikumbatira nkundikuwira moni m'khutu, aneba anabwera akukuwa, ine ndinayankha mokuwa, ndipo ndinazindikira kuti pakhomo pathu palibe amene amayankhula, tonse timakuwa, kuyambira kale.

Asiyatu anabisala kuseri kwa chitenje cha achemwali. Anali atatalika. Sindinamukakamize. Ndinakhala pa mphasa tsiku lonse ndikumuyang'ana. Beseni litagwa kumanzere kwake, anayang'ana kumanja. Galu atauwa kumbuyo kwake, anayang'ananso kumanja. Ndinakumbukira gulu lonse la oimba lija likuthamangira mbali imodzi, sipika imodzi itazimitsidwa.

M'mawa mwake ndinamubereka, analola chifukwa cha mabisiketi a ku Nampula, ndipo ndinauza achemwali kuti atiperekeze kudimba, kutsidya kwa mtsinje. Anadandaula njira yonse kuti ali ndi zochapa. Tinayenda mpaka chigayo chinasanduka kamkokomo kakutali. Ndinakhazika mwana pansi pa nthochi.

"Achemwali, khalani chete pang'ono."

"Ine ndili chete!" anakuwa.

"Chete weniweni."

Ndinagwada kumanzere kwa Asiyatu nkunong'oneza dzina lake. Anapitiriza kuzula udzu. Ndinazungulira pa mawondo kupita kumanja, ndinayandikira, ndinanong'oneza kachiwiri. Anatembenuka msanga mpaka mphuno yake inagunda yanga, maso ali tong'o, ngati akufunsa kuti munthu ameneyu wakhala kuti nthawi yonseyi.

Patapita milungu iwiri, ndalama za m'chitenje zija zinatifikitsa ku chipatala, ndipo anatiuza zomwezo: khutu la kumanzere linapita ndi malungo, la kumanja likumva, kungoti phokoso likachuluka mawu onse amasakanikirana. Tsopano tikumanga kanyumba kufupi ndi dimba, ndipo aliyense wobwera amadziwa mbali yoti akhale. Koma tsiku lija pansi pa nthochi sindinkadziwa zonsezi. Ndinkangofuna kuti asachotse maso ake pa ine, ndiye ndinanena chinthu choyamba chimene ndinaona.

"Ukufuna nthochi?" ndinanong'oneza.

Anayang'ana mkoko umene unali utapsa pamwamba pathu, anayang'ana ine. Kenako ndi timawu tating'ono, timene sitikanadutsa chigayo ngakhale tsiku limodzi, anati, "Ziwili."

Achemwali anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, anakhala pansi m'matope ndi chitenje chawo chatsopano. Anafuna kukuwa, ndinawaona. Koma anakwawira kumanja kwa mwanayo, nkufunsa motsitsa, mawu amene sindinawamvepo chibadwire: "Nanga ine, mayi ako aakulu, undigawira?"

Asiyatu anaganiza kaye.

"Ayi," anatero.