Mbiya Zinaphulika Bambo Kulibe

Chimene ndimakumbukira bwino ndi chitsononkho chakuda ndi dongo, chimene amayi ankasalazira mbiya. Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 3 ku Ludzi, ndipo bambo anali atatha miyezi isanu ku esiteti ya fodya. Amayi anatopa kudikira, n'kunena kuti luso loumba limene ankangothandiza nalo anzawo liyambe kutidyetsa.

Dongo tinkakakumba kudambo. Linkazizira mpaka zala kuuma, ndipo fungo lake linkatsala m'zikhadabo ngakhale usambe bwanji. Ine ndekha ndinkaloledwa kunyamula mbiya zaziwisi. Akuluakulu akayandikira, amayi ankawabweza ndi dzanja. "Mwanayu ngozizira," ankatero, ine n'kumadabwa chifukwa thukuta linali kamukamu. Ndinadzamva nditakula kuti kwathu amati munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi ngotentha, ndipo akakhudza mbiya yosawotcha imasweka pamoto.

Ndiye kunabwera amalume. Munthu uja sanaumbepo ngakhale kang'ombe kadothi, koma pakamwa ndiye anali katswiri. Anabwera ndi bambo wina wa ku Chipata wofuna miphika makumi atatu yodzalamo maluwa, ndipo anamulonjeza kuti pofika Loweruka ikhala itapsa. Amayi anakana. Mbiya imafuna masabata iume pang'onopang'ono pamthunzi. Amalume anati, "Mlongo, bizinesi sidikira mthunzi." Amayi anaumbabe miphikayo, koma atapita kumaliro, amalume anandituma kuti ndiitulutse yonse padzuwa. Ineyo ndinaitulutsa, monyadira.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Kunja inaoneka youma, m'kati muli madzi. Amayi anaigogoda n'kupukusa mutu, koma mawu anali ataperekedwa kale kwa mlendo. Lachisanu masana tinaiwunjikira makungwa n'kuyatsa. Posakhalitsa tinamva phuu! kenako phuu! ngati chimanga chokazinga. Mapale otentha anagwera mpaka pakhonde. Inatsala inayi, yang'alung'alu.

Amalume, amene ankadziwa bwino chomwe chachitika, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ulendo wa ku Kapondo. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anafika m'mawa mwake. Anatembenuza phale ndi chala chakuphazi n'kunena mawu awiri okha: "Mbiya sinama." Mudzi wonse wa anthu opemphera, odziwa kuti chimanga chosauma chimawola m'nkhokwe, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti miphika ija inauma masiku angati. Ankangowerenga miyezi imene bambo anachoka. Kuchitsime amayi akafika, nkhani zinkatha.

Bambo anabwera patatha sabata ziwiri, thumba lili pakaliyala. Sanalowe m'nyumba. Anandiitanira kuseri kwa khola n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Ine kulibe, ankabwera ndani pano?"

Ndinasangalala kuti andifunsa ine, osati wina. Ndinawafotokozera za bambo a ku Chipata aja, kuti anabwera katatu, kuti ankaseka ndi amayi, kuti anandipatsa masiwiti. Ndinkaganiza kuti ndikuwatamandira amayi, kuti bizinesi yawo yamveka mpaka ku Zambia. Za dzuwa lija sindinatchule, poopa kukwapulidwa.

Bambo anandisisita m'mutu. Kenako anatembenuza njinga, thumba osamasula. Ndinawathamangira mpaka kumsewu n'kumawakuwira kuti aiwala kutisiyira shuga.