Dzanja Langa Lamanja ndi Kandege Kopanda Dzina

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Junyu, ndipo sindinauze munthu chifukwa cha malo amene chinandipezera. Ndinali m'chipinda chosungiramo mbatatesi, nditakhala pa thumba, ndikusewera kamakina ka m'manja kamene mlamu wanga anabwera nako kuchokera ku Joni. Ine ndine mphunzitsi ku Lifidzi, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo Lamulungu ndimawerenga mawu kutchalitchi. Ndinkaona kuti munthu wotere sayenera kupezeka ndi choseweretsa cha ana.

M'kamakinamo munali masewera ambiri akalekale, koma ine ndinakodwa ndi amodzi. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero, poti zolemba zake n'zachilendo, zonga mapazi a nkhuku. Umayendetsa kandege, dziko likutsetsereka pansi pako, adani akutsika kuchokera kumtunda. Chala chachikulu chakumanja chimawombera, chakumanzere chimazemba zipolopolo. Zigawo zilipo zisanu ndi chimodzi, ndipo ukaphedwa katatu umayambiranso pachiyambi penipeni, palibe kuchonderera. Ine ndinali nditafika chachinayi, pomwe pamadikira chisitima chachikulu chankhondo.

Tsiku limenelo chala chowomberacho chinangoima. Maso akuona mdani, mutu ukuti womba, chala chili phee. Patapita mphindi zochepa chinabwerera. Ndinati n'chisanu, paja Junyu wa kuno saseka ndi munthu. Zitachitikanso sabata yotsatira ndinanamizira makinawo. Ndinawamasula ndi kampeni, ndinapukuta m'kati ndi nthenga, n'kukagula mabatire atsopano, amene kuno timati mapilya, ku Ulongwe. Sabata yachitatu jizi yolembera pabolodi inandipulumuka kawiri ndikulembera ana m'kalasi, ndipo m'mawa uliwonse mutu unkandiwawa kunkhongo. Apanso sindinauze munthu, kuopa funso limodzi lokha: zinayamba mukuchita chiyani?

Lolemba lina m'mawa phala linayamba kutayikira kumbali kwa kamwa. Mkazi wanga, aNangozo, anandifunsa kanthu, ndipo ndinadzimva ndekha ndikuyankha ngati woledzera. Dzanja lamanja linali lende. Anandikweza pa njinga yamoto ya mnansi wathu, atandimangirira ndi nsalu ya kapulana kumsana kwa mnansiyo, mpaka kuchipatala ku Ulongwe.

Namwino anandiyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, kenaka anapita kukaitana adotolo. Adotolo anati tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, yakwera kwambiri ndipo kamtsempha kena katsekeka m'mutu, matenda amene kuno timati tirombozi. Atandifunsa kuti zayamba liti, ndinati lero m'mawa. Ndinanama.

Ndinagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri. M'mawa kuyezedwa, kumwa mapiritsi, kenaka kudikira adotolo, nthawi zina mpaka dzuwa litapendeka. ANangozo ankaphika panja ndi amayi ena odwazika matenda, n'kumandidyetsa ndi supuni. Mawu anabwerera msanga, mwendo nawo unayamba kumvera, koma dzanja linakana. Mkulu wa sikola yathu atabwera kudzandizonda anandiuza mwaulemu kuti wina agwirizira kalasi yanga mpaka chaka chithe. Koma ikadzafika Fevereru ndisakutha kulemba, adzanditumiza kwa madotolo oona zopumitsa anthu pa ntchito. Atachoka ndinatembenukira kukhoma n'kulira. Ntchito ina sindiidziwa ine.

Panali mayi wina wophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo. Anandipatsa mbale ziwiri kuti ndizitola nyemba imodzi imodzi kuchoka mu iyi kupita mu iyo. Tsiku lachitatu ndinakankha mbalezo ndi ukali, nyemba zili mbwee pansi. Mayiyo sanakwiye. Anangofunsa aNangozo ngati pali china chimene ndinkakonda kuchita ndi zala.

"Ali ndi kandege kawo kamene amabisa mu mbatatesi," anatero aNangozo akutolera nyembazo. "Amayesa kuti sindidziwa."

Manyazi anandigwira, komanso ndinapepukidwa. Chobisa chinali chitatha, choncho ndinaulula zonse za masabata atatu aja. Mawa lake adotolo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: "Limenelo linali chenjezo, aphunzitsi. Mukanabwera tsiku loyambalo, mwina bwenzi titangokupatsani mapiritsi n'kubwerera kukalasi." Mawu amenewa amandipwetekabe.

Nditatuluka adotolo anandilamula mapiritsi a tsiku ndi tsiku, kuchepetsa mchere, kuyenda, ndi nyemba zija. Kandege anati ndikawonjezerepo theka la ola masana, pakhonde, osati mobisala. Mu Agosto ndinkafera pachigawo choyamba, pamene kale ndinkadutsa ndikuganiza zina. Chala chinkadina mochedwa, chikadinanso osafuna kunyamuka. Masiku ena ndinkasiya kamakinako pa mphasa ndili ndi mantha kuti basi ndathera pomwepa. ANangozo ankangokatola n'kundiikira pamwendo, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

Mwezi uliwonse ndinkapita kukayezedwa, kukhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Mvula yoyamba inandipeza pachigawo chachitatu. Chisitima chija chinandidyera Dezemburu yense. Zigawo ziwiri zomaliza ndinali ndisanazionepo: china cha m'phanga lothina, china cha kumwamba kwa nyenyezi, komwe zipolopolo zimachokera ndi kumbuyo komwe. Ndinamaliza chapakati pa Janeru, nditatsala ndi moyo umodzi. Kandege kanatera, panadutsa zolemba zosawerengeka zija, masewera n'kuyambiranso. Chimwemwe chinali chochepa kuposa mmene ndinkayembekezera. Mayeso enieni anali asanafike.

Sikola itatsegulidwa, mkulu uja anaima kumbuyo kwa kalasi ine ndikulemba. Zilembo zinatuluka zazikulu, zopendekera kumanzere, ndipo mzere umodzi unanditengera nthawi ya mizere itatu. Ana anawerenga onse osakakamira. Mkuluyo anagwedeza mutu n'kutuluka, ndipo za kupuma sanazitchulenso.

Lero ndikuphunzitsa, mapiritsi sindidumphitsa, ndipo tensau ili m'malo mwake. Koma sindinachire kwathunthu. Zala ziwiri zakumapeto zinapindika, ndipo adotolo akuti mwina sizidzawongokanso. Ndikalemba nthawi yaitali mkono umalemera mpaka paphewa.

Inu amene mukuwerenga, chala chikaima, kamwa ikapotoka, mawu akalemera, ngakhale zitatha zokha pakanthawi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukanene zoona zonse, kaya zakupezani pamowa, kaya pamalo amene simufuna kuti anthu adziwe. Namwino sadzakusekani. Ine ndinasunga ulemu wanga masabata atatu, ndipo tsopano m'mawa uliwonse, ndisanapite kukaima pamaso pa ana, aNangozo amagwada pansi kundimangira zingwe za nsapato.