Madzi otentha pa phazi ladzanzi

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Balaka: mabagala, mafelemu a zitseko, nthawi zina ngolo zothyoka. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, zimenezo aliyense pamsika akhoza kukuuzani, ndipo sindikupepesa. Shuga anandipeza naye imvi zitayamba kale kutuluka, koma ukali ndinabadwa nawo, wina asanamizire matenda.

M'gulu la pa foni la anthu odwala shuga anandilowetsamo ndi mayi ena ogulitsa nsalu a ku Ulongwe. Tinakumana pa benchi ya kuchipatala, tonse njala ili tho, tikudikira kuti atibaye chala. Anandimva ndikukalipira mzere wosayenda, n'kunena kuti, "Bambo, mkwiyo wanuwo bwerani nawo kugulu kwathu, kuli anthu ogona kwambiri." Ndinawapatsa nambala.

Gululo linali ndi anthu a ku Balaka kuno, ku Liwonde, ku Ntaja, ku Machinga boma mpaka ku Chikweo kwenikweni kumene netiweki umachita kuikwerera pachulu. Akhristu ndi Asilamu pamodzi, shuga sasankha kopemphera. Phindu linalipo, ndisaname. Wina akapita kuchipatala n'kupeza mankhwala abwera, ankatiuza. Wina akayamba kunjenjemera thukuta lili kamukamu, ankapeza omuuza kuti anyambite shuga msanga. Koma pakati pa zothandizazo panali zinyalala zambiri. Madzi a therere, masamba a chammwamba, khungwa la mtengo wakutiwakuti. Ndipo chilichonse chimene munthu angalembe, kaya chanzeru kaya chopusa, pansi pake pankandandalika ma Ameni ndi timanja topemphera ngati nyerere pa nzimbe.

Mkulu wa gululo anali bambo ena opuma pantchito ya uhedimasitala, okhala ku Machinga boma. Aliyense ankawatchula kuti a Tcheya. M'mawa uliwonse ankatumiza chithunzi cha maluwa ndi mawu olimbikitsa, ndipo akalankhula iwo nkhani inkathera pomwepo. Anali akulu msinkhu kuposa tonse, komanso ena m'gulumo anali ana awo a sukulu akale. Wina wa zidzukulu kale, koma akamawayankha a Tcheyawo ankachita ngati wagwada mu ofesi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinkamukonda m'menemo, mlimi wa thonje wa ku Chikweo, Msilamu wanthabwala. Sankalemba, ankatumiza mawu, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao, kumbuyo kukumveka nkhuku. Ine anandipatsa dzina loti achimwene a moto.

"Asalamu aleikumu nonse. Achimwene a moto, lero mwatukwana angati? Kapena magetsi azima, mwasowa chowotcha?"

"Ndikudikira inu, achimwene," ndinkayankha. "Mwamwa mankhwala kapena mwamwanso thobwa wa alamu?"

"Thobwa ndangomununkhiza. Mphuno ilibe shuga."

Tsopano ndifotokoze za mapazi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tsiku lina ndikudula chitsulo, kachidutswa kofiira ndi moto kanagwera mu nsapato yanga. Sindinamve kanthu. Ndinapitiriza ntchito mpaka ndinamva fungo ngati wina akuwamba chikopa cha mbuzi, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti akuwotcha ndani. Ndinali ine. Chilondacho chinatenga miyezi kuti chipole. Namwino amene ankanditsuka anandiuza mosanyengerera kuti shuga amapha mitsempha ya m'mapazi, phazi limachita dzanzi, moto sulimva, munga sulimva. Anati mapazi ndiziwayang'ana ndi maso tsiku lililonse, madzi osamba ndiziyesa ndi chigongono, ndipo chilonda chilichonse cha kuphazi ndizithamanga nacho kuchipatala. Chipsera ndili nacho mpaka lero, chakuda, pamwamba pa phazi lamanzere.

Ndiye nyengo yokolola itatha, mlimi uja anatumiza chithunzi. Anaponda chitsa cha thonje atavala patapata, chinamubaya pansi pa chala chachikulu. Anazindikira mochedwa, ataona magazi pa mkeka wopempherera. Pa chithunzipo phazi linali litatupa, likunyezimira.

"Abale, chitsa chandipatsa moni," anatero. "Sichikupweteka ayi, koma phazi lanenepa kuposa mwini wake. Nditani?"

A Tcheya ndi amene anayamba kuyankha. "Musadandaule, mwana wanga. Awuzeni mayi akunyumba awiritse madzi, athiremo mchere, azikuthowani m'mawa ndi madzulo. Makolo athu ankatero, ndipo sankadziwa chipatala."

Kuthowa tonse tinakula nako. Ukabinya mwendo pa mpira, mayi ako ankaviika kansalu m'madzi otentha n'kumakudinda pomwe patupapo, iwe ukulira. Ndipo tonse timadziwa lamulo lake: madzi akakhala osakuliritsa ndiye kuti sanagwire ntchito.

Ma Ameni anayamba kugwa. "Zoona a Tcheya." "Nzeru za akulu." Wina anawonjezera kuti aviike phazi lonse m'beseni. Ine ndinazimitsa makina n'kulemba.

"Iyayi! Osathowa. Phazi la munthu wa shuga silimva kutentha, mumuphika wamoyo. Achimwene, kwerani njinga lero lomwe mupite kuchipatala."

A Tcheya anati, "Bambo a ku Balaka, pano timalankhulana mwaulemu. Ine shuga ndakhala naye inu musanamudziwe."

"Kukhala naye nthawi yaitali si udokotala. Mbuzi imakhala ndi nkhupakupa moyo wake wonse koma sidziwa dibi."

Pamenepo ndiye gulu linayaka. Palibe amene anakambanso za phazi. Onse anali pa mbuzi. "Mwawatchula a Tcheya kuti mbuzi?" "Munthu wosaleredwa." "Pepesani msanga." Mayi ena a ku Ntaja analemba ndime yaitali yonena kuti matenda amafuna mtendere wa mumtima, ndipo anthu ngati ine ndi amene timakweza anzathu shuga. Ndinawayankha kuti mtendere wawowo akaupake pa chilonda tione ngati chipole. Ndinauzanso a Tcheya kuti ana a anthu anawakwapula mokwanira ku sukulu, asiye kulamula miyendo ya eni. Posakhalitsa foni inandiuza kuti andichotsa m'gulu.

Nambala ya mlimi uja ndinali nayo. Ndinamuimbira pompo.

"Achimwene a moto," anatero, koma osaseka. "Mwalakwitsa. Munthu wamkulu ngati uja satsutsidwa pagulu."

"Zisiyeni za munthu wamkulu. Mupita kuchipatala?"

"Ndikapita tsopano, ndiye kuti ndauza gulu lonse kuti a Tcheya ndi abodza, inu ndinu olondola. Ine ndi amene ndinafunsa, iwo n'kundiyankha ngati mwana wawo. Ndiyese kaye zawozo. Zikakanika, Inshaala, ndipita."

"Phazi ndi lanu kapena ndi la a Tcheya?"

"Ndi langa, n'chifukwa chake ndisankha ndekha," anatero, n'kudula.

Ndinaponya foni pa mulu wa zitsulo, galasi lake linang'aluka, ndipo ndi long'aluka mpaka pano. Ndinamuimbiranso masiku otsatira, osayankha. Mayi a ku Ulongwe aja ndi amene ankandiuza zochitika m'gulumo. Ankati mlimiyo akuthokoza a Tcheya tsiku ndi tsiku, akuti ululu palibe. Ululu ukanachokera kuti pa phazi lakufa? Kenako anandiimbira mawu awo ali pansi.

"Bambo, mnzanu uja wasiya kutumiza zithunzi. Dzulo ananena moseka kuti akazi ake ndi aulesi, madzi awo satentha, wawauza kuti azisonkhezera moto."

Ndinatseka shopu. Minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Ntaja, kenako njinga yamoto pa msewu wafumbi umene unandigwedeza mpaka mano. Njira yonse ndinkatukwana, woyendetsa njingayo ankaganiza kuti ndikutukwana iye. Munthuyo ndinali ndisanamuonepo ndi maso, ndinkangodziwa mawu ake ndi mzikiti umene ankautchula. Ndinafunsa pamzikitipo za mlimi wa shuga wobayidwa ndi chitsa, anandilozera.

Ndinamupeza pakhonde atakhala pa mpando, wamng'ono thupi kuposa mawu ake, kofia ili kumutu. Fungo linandipeza ndisanafike pa iye. Phazi linali m'beseni, nthunzi ikufuka, akazi ake atagwada pambali ndi ketulo.

"Odi," ndinatero. "Ndine wa ku Balaka."

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono. "Nkhope yake ndi yomweyo ndinkaiganizira. Mwabwera kudzanditukwanira pakhomo panga?"

"Eya. Tulutsani phazilo."

Anakana. Anati ndine mlendo, ndikhale pansi kaye andilonjere. Sindinakhale. Ndinatembenukira kwa akazi ake.

"Alamu, pindani dzanja, muviike chigongono m'madzimo."

Anayang'ana amuna awo, kenako anaviika. Anakuwa, n'kudumpha, ketulo inagubuduka. Manja awo anali olimba ndi moto wa kukhitchini, ankaviika kansalu mothamanga osamva bwino, koma chigongono sichinama. Anayima atagwira mkono, akuyang'ana phazi la amuna awo lili phee m'madzi omwewo.

"Iwo amati sakumva," anatero mayiwo. "Tsiku lililonse amati wonjezera moto, a Tcheya anati otentha."

Anagwada n'kulitulutsa okha phazilo. Sindifotokoza zonse. Khungu linali litasupuka ngati la nkhuku yoviikidwa, zala zina zitada bii. Mlimiyo analiyang'ana nthawi yaitali, ngati phazi la munthu wina limene amusungitsa. Ndinavula nsapato yanga n'kumuonetsa chipsera.

"Ichi ndi chitsulo chofiira, ndipo sindinachimve. Inu mwadziphika sabata yonse chifukwa choopa kukhumudwitsa hedimasitala. Dzukani."

"Pakamwa panu mpoipa, achimwene," anatero motsitsa.

"Mpoipa, koma sipanunkha ngati phazi lanuli."

Akazi ake sanadikirenso chilolezo. Anakulunga phazilo ndi chitenje choyera, anaitana achimwene awo a bamboyo, tinamukweza pa njinga yamoto yomwe ndinabwerera ija. Kuchipatala chaching'ono anangoyang'ana n'kutitumiza kuchachikulu. Kumeneko anadula zala zonse ndi mbali ya kutsogolo kwa phazi. Dokotala anati tikanachedwa pang'ono akanadula pa bondo. Chidendene chinatsala.

Ali m'chipatala, mayi a ku Ulongwe ananditumizira zimene a Tcheya analemba m'gulu. Maluwa ofiira, pansi pake mawu akuti, "Tithokoze Mulungu, mapemphero a gulu lathu ayankhidwa, m'bale wathu opaleshoni yayenda bwino." Ma Ameni anali mbwee. Za madzi otentha panalibe anatchulapo, ngakhale mmodzi. Amene anati aviike phazi lonse m'beseni ndi amene anaika timanja tambiri kuposa onse.

Mayi a ku Ulongwe aja nawonso anali ndi mphamvu yolowetsa anthu m'gulumo, ndipo mlimi uja atatuluka m'chipatala anandibwezamo osafunsa a Tcheya. Anangondipempha kuti ndisatchulenso mbuzi. Ndinavomera, ndipo sindinaitchulenso. M'malo mwake m'mawa uliwonse, a Tcheya akangotumiza maluwa awo, ine ndimajambula mapazi anga onse awiri, pamwamba ndi pansi, zikhadabo zokhota, ming'alu, chipsera, n'kutumiza. Pansi ndimalemba kuti, "Ndayang'ana anga. Yang'anani anu."

Tsiku loyamba a Tcheya anadandaula. "Bambo a ku Balaka, ena tikudya kadzutsa. Zithunzi zoterezi n'zosayenera pagulu la anthu aulemu."

Ndisanayankhe, panabwera chithunzi china kuchokera ku Chikweo. Theka la phazi, lokulungidwa bandeji, lili pa mkeka. Kenako mawu aja, nkhuku zikumveka kumbuyo.

"Asalamu aleikumu nonse. Mwadzuka bwanji a Tcheya, bambo athu? Nane ndayang'ana langa. Sindinachedwe kuliyang'ana, latsala lochepa."

A Tcheya sanapepese tsiku limenelo, sanapepese mpaka lero, ndipo maluwa akutumizabe. Anthu ena anatuluka m'gulu chifukwa cha mapazi angawo, ayende bwino. Ena ochepa anayamba kutumiza awo. Mlimi uja kumunda sapitanso wapansi, amapalasa njinga ndi chidendene, ndipo thonje chaka chino walima ndime yochepa. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'mawa uliwonse amayamba wapereka moni kwa a Tcheya, bambo athu, bambo athu, kenako ndiye n'kufunsa ngati achimwene a moto atukwana kale. Ndimamuyankha kuti ndayamba ndi iye.