Mbuzi yanga ndi chingwe cha pa Nathenje

Moni nonse. Lero m'mawa ndinauza mayi a Chisomo kuti munthu wondigonjetsa pa malonda sanabadwe.

Nditafika pa Nathenje ndi mbuzi yanga, ndinapeza okumba ngalande atadula chingwe cha faiba, chija chimanyamula netiweki pansi pa nthaka. Ndinamwetulira chamumtima. Atabwera a Yusufu a butchala, ndinawatchulira mtengo wa ng'ombe. Ndinati, "Ndi mmene mbuzi zikugulidwira ku Mitundu, achimwene. Ngati mukukayika, imbani mufunse." Ndimadziwa kuti foni siilowa.

Abale, foni inalowa. Alamu awo a ku Mitundu anamveka ngati ali m'thumba mwanga, ndipo atamva mtengowo anaseka mpaka kutsokomola.

Mmisiri amene anabwera kudzalumikiza chingwecho anandimvera chisoni. Anati, "Bambo, njira zilipo ziwiri. Ikaduka iyi, mauthenga amazungulira inayo inu musanaphethire."

Ndinatsitsa mtengo nditazolika. Koma a Yusufu analibe ndalama m'thumba, choncho anandilipira pa foni, kudzera njira yomwe ija inandiyalutsa. Netiweki ikanafadi, mbuzi ndikanabwerera nayo kunyumba pa njinga, dzuwa lonseli.

Kunyumba kuno mayi a Chisomo akungondiseka. Ndiye tandiuzani inuyo, wapambana ndani pamenepa?