Nthambi zimene a Kingstone anayala pa msewu wa ku Engutwini

A Kingstone Chimbalanga anafika ku Mzimba pa 4 Sepitembala 1989, atatumizidwa kuchokera kwawo ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya zaumoyo. Ankayendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi, ndipo anali munthu wosafuna kuona chinthu chitakhota. Anakwatira Linily, mwana wa ku Engutwini, malowolo n'kupereka onse, koma Chitumbuka chinawakanika mpaka kupuma ntchito. Apongozi awo, gogo NyaJere, ankangowatchula kuti "mkweni wa kumwera uja", mkweni kutanthauza mkamwini. Zinkawapweteka, ngakhale sankanena.

Gogoyo atayamba kuvutika chiuno, adokotala anati azibwera ku chipatala cha pa boma mwezi ndi mwezi. Pa njinga yamoto sakanakwera, ndipo kukhala tsonga ulendo wonse sakanatha. A Kingstone anaona kuti mpata wodzionetsa kuti ndi mkamwini wa phindu ndi womwewu. Pa 12 Malichi 2022 anagula minibasi yakale ku Jenda.

Anaigwirira ntchito okha, kuseri kwa nyumba. Anazula mipando yakumbuyo, nakhoma bedi la matabwa a paini ochokera ku Luwawa. Linily anasoka makatani oyera. Anaikamo mababu awiri, waya wake n'kukoka kuchokera ku batire, wopanda fyuzi, poti ankati ya chiyani. Kunsi kwa bedi anafuna malo a mapoto ndi chigubu cha madzi, choncho zimene anapezamo anazitulutsa n'kuziunjika pa khonde, kuphatikizapo matirayango ofiira aja oika pa msewu galimoto ikawonongeka.

A Mwantumu, mnansi wawo wogulitsa misomali pa msika, anasuzumira tsiku lina. "Achimwene, mwakonzeratu kogona mayi akadzakuthamangitsani?"

"Ndi za apongozi izi," anayankha a Kingstone, akupukuta utuchi pa matiresi.

Loweruka pa 17 Juni 2023 ananyamuka ndi Linily kukatenga gogo ku Engutwini. Kunkazizira, ndipo mabampu anamudwalitsa mutu Linily. Anapita kumbuyo, natseka makatani, nagona pa bedi lija atadzifunda chitenje mpaka kumutu.

Mudzi utayamba kuonekera, pa kona, a Kingstone anamva fungo la pulasitiki wopserera. Waya wa mababu uja anali atakhulika pa chitsulo. Utsi unatuluka, injini n'kuzima. Anachotsa msanga waya ku batire, moto sunayake. Atafuna matirayango, anakumbukira khonde lija.

Anathyola nthambi za masamba aawisi. Oyendetsa galimoto anzawo amangoponya timilu ta nthambi m'mbali mwa msewu. Koma iwo, mwa chizolowezi chawo cholongosola zinthu, anayala nthambizo mu mzere wowongoka kudutsa msewu wonse, wina kumbuyo, wina kutsogolo, monga momwe anthu amayalira pamudzi pakagwa maliro. Atatero analowetsa mutu kunsi kwa chiwongolero kufunafuna waya wopsayo.

Felesta, mng'ono wake wa Linily, ankachokera ku dimba. Anaona nthambi, anaona galimoto ya alamu ake makatani ali chitsekere. Anasuzumira pa mpata, n'kuona munthu ali gone, wofundidwa kumutu komwe, mapazi okha ali kunja. Nsapato anazidziwa. Anataya khasu nathamangira kumudzi manja ali kumutu.

A Kingstone anamva kulirako ali kunsi kwa chiwongolero, nadzifunsa kuti watisiya ndani. Podzuka anapeza amayi akutsika m'njira, amuna atavula zipewa. Pakati pawo panali gogo NyaJere, amene anali asanatuluke pabwalo kwa miyezi yambiri, akudzikoka ndi ndodo, akufuula, "Mwana wane! Mwana wane!" Asanafike pa msewu anagwa.

Phokosolo linamudzutsa Linily. Anatsegula chitseko chitenje chili m'manja. "Kodi tafika?"

Amene anali pafupi anathawira m'tchire. Ena anaseka mpaka kukhala pansi. A Kingstone sanaseke. Anaima chiimire, manja ali bii ndi mwaye, akuyang'ana apongozi awo ali pa dothi, bondo likutuluka magazi. Anafuna kupepesa m'Chitumbuka, mawu anathawa. Anagwada, nangoti, "Pepani chomene, amama."

Gogo anagwira nkhope ya Linily ndi manja onse awiri, kenaka anatembenuka. "Mkweni, kwanu galimoto ikafa mumaiyalira masamba ngati munthu?" Anthu anasekanso. "Mbwenu ine m'bokosi lanulo sindilowamo. Mwana wanga ndamulira kale m'menemo."

Anyamata ananyamula gogo kubwerera nawo kunyumba. A Kingstone anatsala akutola nthambi zija imodziimodzi.

Masabata awiri otsatira sanapite kutchalitchi, poopa kuti nkhani yafika kale pa boma, ndipo inali itafikadi. Anachotsa makatani. Anasintha waya yense, namukulunga m'paipi ya labala pamene amakhudza chitsulo, naika fyuzi. Matirayango anawakhomera malo kuseri kwa mpando wawo. Bedi lokha sanalikhudze.

Lolemba pa 3 Julayi anabwerera ku Engutwini okha. Anakhala pa mkeka patali ndi khomo, chipewa chili pa bondo, mpaka gogo anatuluka atavala zapaulendo. Chiuno sichinali kuwagonetsa tulo.

"Ndikwera," anatero, "koma kutsogolo, anthu azindiona kuti ndili moyo."

Ulendo wonse anakhala tsonga, akubuula pa bampu lililonse, dzanja lili pa windo kupatsa moni aliyense wa m'njira. A Kingstone anayendetsa pang'onopang'ono, maso ali pa msewu. Pa bedi la paini lija panali thumba la mbatata ndi ndodo ya gogo.